NYUZIPEPALA ZA ATSAMUNDA NDI MAWU A MUNTHU WAKUDA

Pa msonkhano wathu wapachaka umene wapitawu, titamaliza kudya, mnyamata wina mwa amene adatsiriza maphunziro posachedwapa adandionetsa nkhani pa lamya yake ya m'manja. Nkhaniyo inkanena za nyuzipepala za ku America zimene zakhala zikupepesa anthu akuda chifukwa cha zimene zinkalemba m'masiku a tsankho. Tsono adandifunsa kuti, "Agogo, kodi kuno kwathu zoterezi zidaliponso?" Ndidangoti, "Zidalipo, mwana wanga," popeza dzuwa lidali litapendeka ndipo minibasi sidikira nkhalamba. Koma a Mkonzi a kalata yathu ino adamva, ndipo sadandipatse mpumulo mpaka ndidalonjeza kuti ndidzalemba yankho lokwanira. Paja amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, choncho ndakhala pansi kuti ndikwaniritse.

Ambiri a inu mudabadwa mbendera ya Angelezi itatsika kale. Ndikupemphani kuti muleze mtima, chifukwa nkhaniyi ikuyambira kutali, koma njira yake ikudutsa pakhomo pathu pomwe pano.

MTOLO WA KU LIMBE

Ndidabadwira ku Mbulumbuzi m'chaka cha 1945, kamtunda pang'ono kuchokera pa msewu wa Blantyre ndi Zomba. Bambo anga adali khukhi m'nyumba ya Mzungu wina ku Limbe. Mwezi ukatha ankabwera pa njinga atanyamula mchere, sopo ndi mtolo wa nyuzipepala zakale zimene adona adataya. Mayi ankayala zina m'bokosi la zovala, zina ankakulungira matemba. Agogo anga aamuna ankang'amba m'mphepete mwake n'kumapichira chingambwe. Ine ndinkalanda zotsalazo kuti ndiyese Chingelezi chimene tinkaphunzira kusukulu.

M'mapepala amenewo mudali dziko limene sindinkalidziwa. Mudali mitengo ya tiyi ndi ya fodya pa okushoni, maukwati a Azungu, mayina a amene akwera sitima kupita kwawo kukapuma, masewera a ku kalabu ndi mipikisano ya maluwa. Mzungu aliyense adali ndi dzina lake lathunthu. Munthu wakuda ankaoneka kawirikawiri pa malo atatu: pa milandu ya kukhoti, pa ngozi, ndi pa madandaulo akuti antchito akusowa m'minda. Ngakhale pamenepo dzina lake silinkafunika. Ankangomutcha "native", kapena "boy", ngakhale akhale bambo wa imvi ngati amene adandibereka.

Tsiku lina agogo adandipeza ndikuwerenga pa khonde ndipo adafunsa kuti, "Nanga za ife akuti chiyani?" Ndidatembenuza masamba onse, n'kuyankha kuti, "Palibe, agogo." Iwo adatambasula dzanja nati, "Ndiye bwera nayo kuno ndisutire." Tidaseka tonse. Papita zaka zoposa 60, ndipo ndaona kuti funso la agogolo ndilo muyeso wa nyuzipepala ina iliyonse.

NYUZI YA ENI MINDA

Nyuzipepala yaikulu ya masiku amenewo idali Nyasaland Times. Idayamba m'chaka cha 1895 ku Songani, pafupi ndi Zomba, ndi dzina loti Central African Planter, ndipo inkatuluka kamodzi pa mwezi. Adaiyambitsa ndi R.S. Hynde, Msikoti amene adabwera ngati mphunzitsi wa mishoni ya ku Domasi, kenaka n'kusiya choko kuti alime khofi ndi fodya. Dzina lokhalo likutiuza eni ake: idali nyuzi ya Azungu a minda. Itasamukira ku Blantyre idatchedwa Central African Times, ndipo dziko lino litapatsidwa dzina loti Nyasaland m'chaka cha 1907, patsogolo pake nayonso idatengera dzinalo.

Zofuna za eni minda zidali zodziwika: malo ambiri, antchito otsika mtengo, njanji yonyamulira katundu wawo, ndi msonkho wokakamiza mwamuna aliyense kukafuna ntchito kwa iwo. Nyuzi yawo inkakangana ndi boma la ku Zomba ndiponso ndi amishoni, koma mkanganowo udali wa Azungu okhaokha. Munthu wakuda adali ngati mbuzi imene anthu akutsutsana mtengo wake iyo itamangidwa pambali.

Ife a ku Chiradzulu tidaidziwa bwino nkhani imeneyi chifukwa tidali pa mpanipani. Cha kumpoto kwathu kudali minda ya A.L. Bruce ya ku Magomero, ya maekala oposa 160,000. Anthu okhala m'menemo, ambiri a iwo Alomwe amene adathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ankagwira thangata: mwezi umodzi wolipira malo, mwezi wina wolipira msonkho, ndipo miyezi iwiriyo inkatalika monga mmene kapitawo ndi bwana wake afunira. Alexander Livingstone Bruce sankalola sukulu m'minda yake, ndipo woyang'anira wake, William Jervis Livingstone, ankatentha matchalitchi audzu amene anthu a John Chilembwe ankamanga. Agogo anga adakulira m'menemo. Zimene ankatisimbira pa moto madzulo sizidali nkhani kwa eni nyuzi.

KALATA YA MBUSA CHILEMBWE

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba m'chaka cha 1914, asilikali akuda adafa pa nkhondo ya ku Karonga m'mwezi wa Sepitembala, ndipo amuna ambiri adayamba kutengedwa kuti akhale amtengatenga. Apo Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, kuseri kwa phiri lathu la Chiradzulu, adachita chinthu chimene munthu wophunzira amachita: adalemba kalata ku Nyasaland Times. Adafunsa ngati padzakhale phindu lililonse kwa eni dziko nkhondoyo ikadzatha. Adati pa mtendere zabwino zonse zimakhala za Azungu, koma pa nkhondo munthu wakuda amayesedwa wofanana nawo kuti akhetse mwazi. Adatinso anthu achuma, eni masitolo ndi eni minda ndiwo apite kukamenya nkhondo yawo, m'malo motuma amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana.

Kalatayo idalowa mu nyuzi ya pa 26 Novembala 1914, koma boma, pogwiritsa ntchito malamulo a nthawi ya nkhondo, lidalamula kuti ichotsedwe. M'malo moyankha mafunso ake, akuluakulu a ku Zomba adayamba kukonza zomuthamangitsira kunja kwa dziko. Pasanathe miyezi iwiri, usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu ake adaukira. Livingstone adaphedwa ku Magomero pamodzi ndi Azungu ena awiri a m'minda yomweyo, koma akazi ndi ana sadawapweteke. Chilembwe adawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje. Anthu pafupifupi 40 adaphedwa ataweruzidwa, ena pafupifupi 300 adalowa m'ndende, ndipo tchalitchi cha njerwa cha ku Mbombwe adachiphulitsa.

Sindikunena kuti kalata ija ikadaloledwa, mwazi sukadakhetsedwa. Chimene ndikunena n'chakuti munthu uja adayamba wagogoda pa khomo, ndipo adamutsekera. Zitatha izi, eni minda sadadzifunse za thangata. Adaloza chala masukulu, nati kuphunzitsa munthu wakuda ndiko kumupatsa mwano. Pa bungwe lofufuza za kuukirako, Dr. Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre adateteza maphunziro, ndipo adadzudzula Azungu amene ankafuna kuti munthu wakuda awavulire chipewa koma iwo osayankha moni. Inu amene mudadutsa m'makalasi a sukulu yathu, dziwani kuti padali nthawi imene anthu ankakangana poyera ngati kuwerenga kwanu kuli koyenera.

NYUZI ZOLETSEDWA NDI NYUZI ZOTIPATSA

Boma lidatseka khomo la kunja nalonso. M'chaka cha 1922 lidaletsa Negro World, nyuzi ya Marcus Garvey yochokera ku New York. M'chaka cha 1926, chaka chimene Dr. Daniel Malekebu adatsegulanso mishoni ya ku Mbombwe, Isa Macdonald Lawrence, amene adali wa mbali ya mishoni yomweyo, adagamulidwa kukhala m'ndende zaka zitatu akugwira ntchito yakalavulagaga. Mlandu wake udali wolowetsa m'dziko makope a Negro World ndi a Workers' Herald, nyuzi ya bungwe la antchito limene Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay ankatsogolera ku South Africa. Sadabe, sadamenye munthu. Adangonyamula mapepala olembedwa ndi anthu akuda anzake.

Poona kuti anthu odziwa kuwerenga akuchuluka, Azungu adaganiza zotipatsa chowerenga chosankhidwa ndi iwo. Boma lidatulutsa Msimbi m'zilankhulo zathu, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kudabweranso Bwalo la Nyasaland, ya kampani ya African Newspapers ya ku Salisbury. Sindizinyoza kotheratu. Mudali nkhani za mpira, za maukwati athu, za abale a ku Joni ndi ku Wankie, ndipo ambiri tidaphunziramo kulemba chilankhulo chathu. Koma nkhani zikafika pa malo, pa msonkho ndi pa ulamuliro, mwini ndalama ndiye ankasankha mawu omaliza. Mu Msimbi tinkauzidwa kuti tilime mizere ndi kuunda milambala monga alangizi anenera, osati kufunsa chifukwa chimene munthu ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa chifukwa cha munda wake womwe.

KUTSIDYA KWA NYANJA

Tsono ndibwere ku funso la mnyamata uja. America si yachilendo m'mbiri ya Chiradzulu. Chilembwe adapita kumeneko ndi Joseph Booth m'chaka cha 1897, adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo adabwerako m'chaka cha 1900 mothandizidwa ndi mpingo wa Baptist wa anthu akuda. Dr. Malekebu adaphunzira udotolo ku Meharry, mu mzinda wa Nashville, komwenso Dr. Kamuzu Banda adatsiriza m'chaka cha 1937. Onsewa adaona ndi maso awo dziko limene munthu wakuda adali ndi sukulu yake, chitseko chake ndi mpando wake wakumbuyo.

Pa 17 Meyi 1954 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti kulekanitsa ana m'masukulu chifukwa cha khungu n'kuphwanya malamulo. Nyuzi zambiri za kummwera zidaimirira kutsutsa. Ku Virginia komwe kuja, mkonzi wa Richmond News Leader, James J. Kilpatrick, adalemba ndemanga zotsatizana kuyambira m'chaka cha 1955 zolimbikitsa zigawo kuti zikane chigamulocho. Mawu otere adabala zipatso zowawa. Boma la Prince Edward, losatalikirana ndi Lynchburg, lidatseka masukulu ake onse a boma kuyambira 1959 mpaka 1964 pokana kusakaniza ana. Ana a Azungu adawatsegulira sukulu zapadera, koma ana ambiri akuda adakhala zaka zisanu osaona bolodi.

Ku Mississippi, banja la Hederman lidali ndi nyuzi ziwiri mu mzinda wa Jackson, Clarion-Ledger ndi Jackson Daily News, ndipo zonse zinkateteza tsankho popanda manyazi. Anthu pafupifupi 250,000 atasonkhana ku Washington pa 28 Ogasiti 1963, tsiku limene Martin Luther King adalankhula, Clarion-Ledger idasankha kulemba za kusesa zinyalala zimene zidatsala, ndipo mutu wa nkhaniyo udalembedwa mwa njira yoti wowerenga amve kuti zinyalalazo ndi anthu akudawo.

Nthawi zina nyuzi zotere zinkathandiza mosafuna. Rosa Parks atamangidwa pa 1 Disembala 1955 chifukwa chokana kusiyira Mzungu mpando, Montgomery Advertiser idaika pa tsamba loyamba uthenga wa kapepala koitana anthu akuda kuti anyanyale mabasi. Amene kapepalako sikadawapeze adamva kudzera mu nyuzi ya Azunguyo, ndipo kunyanyalako kudatenga masiku 381.

Koma chida chimene chidafala koposa sichidali chipongwe ayi, chidali kukhala chete. M'chaka cha 2004 nyuzi ya Herald-Leader ya ku Lexington, m'chigawo cha Kentucky, idavomera poyera kuti m'zaka za m'ma 1960 nyuzi za mu mzindawo zinkabisa dala nkhani za anthu akuda omenyera ufulu wawo. Nditamva zimenezi ndidakumbukira agogo anga pa khonde paja. Matenda ake adali amodzimodzi, kusiyana kudali pa chiwerengero chokha. Ku America anthu akuda adali ochepa pakati pa Azungu. Kuno Azungu sadafikepo 10,000 pamene ife tidali kuyandikira 3 miliyoni, komabe nyuzi yaikulu ya dziko inkalembedwa ngati ife ndife alendo.

CHITAGANYA NDI CHAKA CHA 1959

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidakhazikitsidwa m'chaka cha 1953 ngakhale mafumu ambiri ndi Nyasaland African Congress adachikana. Nyasaland Times ndi nyuzi za ku Salisbury zidali kumbali ya Chitaganya. Zinkanena za misewu, zipatala ndi ndalama zimene zidzabwere, ndiponso za "ubwenzi" wa mitundu. Koma abale athu ambiri adali atagwirako ntchito ku Southern Rhodesia, ndipo ankadziwa za chitupa, za malokeshoni ndi za malo olandidwa. Ngakhale ku Limbe ndi ku Blantyre kudali masitolo amene munthu wakuda ankagulira pa zenera. Choncho munthu wa m'mudzi wosadziwa "a" adali ndi nkhani zoona kuposa zimene zidali m'mapepala. Otsutsa Chitaganya ankatchedwa anthu ochepa oyambitsa chisokonezo, ndipo ankati khamu lonse likungoopsezedwa.

Dr. Banda adafika pa Chileka pa 6 Julaye 1958. M'mamawa wa pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi, Congress idaletsedwa ndipo atsogoleri ake adamangidwa. Chifukwa chimene chidaperekedwa n'chakuti pa msonkhano wa m'tchire wa pa 25 Januwale, pafupi ndi Blantyre, a Congress adapangana kupha Azungu, Amwenye ndi anthu akuda ogwirizana ndi boma. Nduna za ku London zidanena zimenezi m'nyumba ya malamulo, ndipo nyuzi za ku Blantyre, Salisbury ndi London zidazimwaza. Tsiku lomwelo asilikali adawombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay. Boma lidawerenga akufa 20, koma eni dera amawerenga oposa pamenepo. M'dziko lonse mudafa anthu akuda 51 monga mwa chiwerengero cha boma, ndipo oposa 1,300 adatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ena ku Kanjedza, ena ku Khami ndi ku Gwelo.

Ine ndidali ndi zaka 14. Amalume anga adali telala pa khonde la sitolo ina, ndipo ankagulitsa makadi a Congress. Patapita milungu ingapo adawatenga m'bandakucha. Mwezi utatha, bambo adabwera ndi mtolo wawo wa masiku onse, ndipo mayi adandiuza kuti ndifunefune dzina la mlongo wawo. Ndidawerenga mpaka nyali idatha mafuta. Ndidapeza zambiri za mantha a Azungu, za mabanja awo amene adasonkhanitsidwa pa malo otetezedwa, ndi za kuyamikira asilikali ochokera ku Rhodesia. Dzina la amalume padalibe. Atabwerako patatha miyezi yambiri, ndidawauza zimene mapepala ankanena za chiwembu chija. Adaseka mowawidwa mtima nati, "Mphwanga, chida changa ndi sizasi. Ndikadapha nayo yani?"

M'mwezi wa Julaye 1959 bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin lidatulutsa lipoti lake. Lidavomera kuti pa msonkhano uja padakambidwa zachiwawa, koma lidati padalibe chiwembu chokonzedwa chopha Azungu, ndipo Dr. Banda sadali m'zoterozo. Palibe Mzungu ndi mmodzi yemwe amene adaphedwa. Lidatinso Nyasaland idasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, ndipo kukana Chitaganya kudali pafupifupi kwa aliyense. Boma la Britain lidakana mbali zambiri za lipotilo, koma bodza lidali litavulidwa kale. Pa 1 Epulo 1960 Dr. Banda adatulutsidwa.

WAMVA M'MIMBA NDIYE ATSEKULA CHITSEKO

Anthu athu sadangokhala manja lende. Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume atalowa m'nyumba ya malamulo ku Zomba m'chaka cha 1956, adazindikira kuti mawu onse olankhulidwa m'nyumbamo amasindikizidwa m'buku la boma lotchedwa Hansard, ndipo palibe angawamange chifukwa cha mawuwo. Tsono ankalankhula ngati akulembera dziko lonse. Aphunzitsi ndi makalaliki adayamba kugula Hansard n'kumabwerekana. Boma lidakhala likusindikiza lokha nyuzi ya adani ake.

Malawi Congress Party itakhazikitsidwa pa 30 Sepitembala 1959 motsogozedwa ndi Orton Chirwa, mnyamata wa zaka 20, Aleke Banda, adayambitsa Malawi News chakumapeto kwa chaka chomwecho. Poyamba idali timapepala topukusidwa pa makina a dzanja. Ku Salisbury, Mzungu wina wogwirizana nafe, Peter Mackay, ankatulutsa magazini ya Tsopano. Ndikukumbukira kope limodzi la Malawi News likuyenda mudzi wonse mpaka kuthothoka m'makona. Ana asukulu ndife tinkawerengera akuluakulu pansi pa mtengo wa mango, ndipo agogo sadapemphe kope limenelo kuti asutire. Pa chisankho cha Ogasiti 1961 chipanicho chidapeza mipando 22 mwa 28, Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 tidalandira ufulu wodzilamulira.

MPANDO UDASINTHA MWINI

Ndikadakonda kulekera pamenepa, koma ndingakhale ndikuchita zomwe ndikudzudzula. Nyuzi yathu ija idaphunzira msanga kutukwana. Aliyense wosiyana maganizo ndi chipani ankatchedwa kapirikoni, mawu ochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society. M'chaka cha 1960 Chester Katsonga atayambitsa chipani chake, iye pamodzi ndi akuluakulu a mpingo wa Katolika adalawa ukali wa Malawi News. Ambiri tidaombera m'manja, osadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nduna zitasemphana ndi Dr. Banda mu Sepitembala 1964, Chipembere ndi Chiume, amene mawu awo tinkawaloweza, adasanduka zigawenga m'nyuzi, kenaka mayina awo adangozimirira. M'chaka cha 1968 kudakhazikitsidwa bungwe lounika mabuku ndi zithunzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Times ija, imene idatchedwa Daily Times, idalowa m'manja mwa Dr. Banda, kotero kuti nyuzi zazikulu zonse ziwiri zidakhala za khomo limodzi. M'chaka cha 1973 atolankhani angapo adatsekeredwa popanda mlandu. Mu Meyi 1983 tidauzidwa kuti Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Bungwe lofufuza lidadzanena m'chaka cha 1995 kuti adachita kuphedwa. Ine ndidali mphunzitsi zaka zonsezo. Ndinkawerenga, ndinkadziwa kuti pali zimene sizikunenedwa, ndipo ndinkapinda nyuzi n'kukhala chete ngati wina aliyense.

Chimene chidaswa chete ameneyu chidalinso pepala. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi. Boma lidati kupezeka nayo ndi mlandu, nyuzi ya chipani idalemba kuti maepiskopiwo asachitiridwe chifundo, ndipo nyumba yosindikizira ya ku Balaka imene idaitulutsa idatenthedwa. Koma monga zidalili ndi kalata ya ku Mbombwe, kuletsa sikudayankhe mafunso. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha zipani zambiri, nyuzi zatsopano zidabuka ngati bowa, ndipo Aleke Banda yemwe uja adayambitsa The Nation. Lero ufulu wa atolankhani uli m'ndime 36 ya malamulo aakulu a dziko.

MLANDU SUWOLA

Ku America, Clarion-Ledger idasintha eni ndi akonzi, ndipo mtolankhani wake Jerry Mitchell adafukula nkhani zimene zidathandiza kuti amene adapha Medgar Evers m'chaka cha 1963 apezeke wolakwa m'chaka cha 1994. Montgomery Advertiser idapepesa m'chaka cha 2018. Kuno kwathu, nyuzi imene idayamba ngati ya eni minda yakhala ikulembedwa ndi Amalawi kwa zaka zambiri, ndipo sitingaweruze ana chifukwa cha zimene adachita omanga nyumba. Mbusa amene kalata yake idachotsedwa tsopano timamukumbukira pa 15 Januwale chaka chilichonse, nkhope yake ili pa ndalama yathu, ndipo kuyambira 2022 mpaka 2024 chifanizo chake, chosemedwa ndi Samson Kambalu, chidaima pa Trafalgar Square ku London atavala chipewa chake.

Koma Chilembwe ndi mmodzi. Nanga amtengatenga aja, amayi amene ankatola thonje ku Magomero, matelala ndi makhukhi, mayina awo ali kuti? Mukapita ku nkhokwe ya zolembedwa zakale ku Zomba mukapeza mitengo ya fodya ya chaka chilichonse, koma agogo anu simukawapeza. Tsankho la nyuzi zija lidatibera zimenezo, ndipo palibe adzatibwezere tikapanda kuzilemba tokha.

Choncho ndili ndi mapempho awiri kwa inu anzanga a m'bungwe lino. Loyamba, mukamawerenga nkhani, kaya m'nyuzi kaya pa lamya, dzifunseni mafunso atatu: mwini wake ndani, akulembera yani, ndipo ndani amene sadafunsidwe maganizo ake? Phunzitsaninso ana anu kufunsa chimodzimodzi. Lachiwiri, aliyense wa ife apeze nkhalamba imodzi ya kwawo, akhale nayo pansi, alembe dzina lake lathunthu, mudzi wake ndi zimene idaona pa thangata, pa Chitaganya kapena m'chaka cha 1959. Ngati m'mabokosi mwanu muli ziphaso za msonkho, makadi akale kapena makalata a ku Joni, musakolezere moto. Tumizani kwa a Mkonzi kuti zisungidwe mu laibulale ya sukulu yathu, ndipo ndikupempha komiti kuti ipatule tsamba limodzi m'kalata ino la nkhani zoterezi.

Amene tidaona zinthuzi ndi maso tatsala owerengeka, ndipo chaka chilichonse mndandanda wa omwalira pa tsamba lomaliza ukutalika. Ine ndayamba kale kulemba za amalume anga, ndipo Mulungu akalola ndidzabwera nazo pa msonkhano wa chaka chamawa. Mnyamata wa lamya uja ndikumuyembekezera kuti adzandiwerengere za agogo ake.

Ndine mnzanu,
Wophunzira wakale, Mbulumbuzi.